Nyale yanzeru kwa Ngokwe ndi yosapempha bandulo

Amalonda anzanga, sabata ino tisiye kaye za mpunga ndi nandolo. Tikambe za katundu amene wadzaza m'mashopu opikulitsa ku Limbe, amene tsopano wayamba kuoneka pamabenchi ku Balaka, ku Liwonde, ku Ntaja mpaka kwa Ngokwe: nyale zimene akuti ndi zanzeru. Pali mababu oyatsa ndi foni, ena osintha mitundu ngati bilimankhwe, nyale za sola zoyaka zokha munthu akamadutsa, masipika opanda waya, timahedifoni tolowetsa m'khutu, ngakhalenso makamera oikamo simu khadi. Makatoni ake ndi onyezimira, ndipo zithunzi zake ndi za nyumba za kapinga wometa bwino ndi dziwe losambiramo. Wageni wa mpamba wochepa akaima pamenepo mutu umazungulira, osadziwa kuti atole ziti asiye ziti.

Maganizo anga ndi akuti kwa Ngokwe, ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, nyale yoyenera kutchedwa yanzeru ndi imene imadzitchaja ndi dzuwa, imadziyatsa kukada, imasunga moto wake mpaka m'bandakucha, ndipo sipempha bandulo kwa mwini wake. Mpamba wanu ulowe pamenepo. Zambiri mwa zotsalazo zidzangokongoletsa benchi, chonsecho mpamba wogona pabenchi subala.

Tiyambe ndi kasitomala, popeza ndiye mwini ndalama. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira ndi tochi za mabatire, ndipo amene amaunikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa mabanja 100 alionse, ambiri a iwo a m'tauni. Kuyambira nthawi imeneyo mawaya a MAREP afika m'malo ambiri ochitira malonda ndipo ESCOM yalumikiza nyumba zina, koma mukangochoka pamsika n'kulowa m'midzi, mapolo amathera panjira. Ngakhale amene ali ndi mita m'nyumba sanaiwale za 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, mdima n'kukhala wa tsiku ndi tsiku mpaka chaka chotsatira. Munthu wotere mukamugulitsa chinthu chodalira magetsi a ESCOM usana ndi usiku, mwamugulitsa nkhawa.

Babu la Wi-Fi, monga aja oyendera pulogalamu ya Tuya, ndi chinthu chabwino kumene anachipangira. Koma onani zimene limafuna. Limafuna magetsi a pakhoma osadukiza, chifukwa ngakhale lazima limakhala likudya pang'ono podikira lamulo. Limafuna intaneti ya m'nyumba yokhala chiyakire, kutanthauza bandulo ya mwezi ndi mwezi. Limafuna foni yamakono yokhala ndi malo oikamo pulogalamu. Ndipo mwana akangozimitsa swichi ya pakhoma, foni ija silipezanso, lasanduka babu wamba limene mwini wake analigula mtengo wa mababu angapo. Kasitomala adzabwerera kwa inu, osati kufakitale ya ku Shenzhen, ndipo adzafika tsiku la msika anthu atadzaza.

Sindikuti msika wake palibiretu. Eni malo ogona alendo ku Liwonde, eni mabala ndi maholo ku Balaka, ndi ena apantchito okhala m'nyumba za magetsi angalifune. Amenewo auzeni apereke kaye theka la ndalama, inu mukawatengere paulendo wokaoda. Musasunge ngakhale katoni imodzi podikira kuti mwina wina adzafunsa. Babu la limoti, lija losintha mitundu, ndi nkhani ina: silifuna intaneti, anyamata a mabarbershop ndi a malo oonetsera mpira amalikonda, ndipo angapo pabenchi sangakupwetekeni. Mungowauza kuti limoti yake imafuna kuloza pababu penipeni, ngati ya wailesi ya kanema, sidutsa khoma.

Tsopano tifike pa katundu amene ndikuti ali ndi ndalama: nyale ya sola ya panja, yokhala ndi kadiso koona munthu akamadutsa. Apa mpofunika kuwerengetsera pang'ono, chifukwa bodza lalikulu la malonda amenewa lili pamanambala a pakatoni.

Mwaonapo nyale yolembedwa 200W, ina 300W, panelo yake kukula ngati kope laling'ono la mwana wa pulayimale. Nyale yodyadi mawati 200, kuti iyake maola 10, ingafune moto woposa wa mabatire awiri a galimoto odzaza bwino. Kodi mabatire amenewo ali pati m'kabokosi kopepuka kamene mukukanyamula ndi dzanja limodzi? Panelo ya msinkhu wa kope imatulutsa mawati 5 kapena 6 dzuwa likaswa mtengo. Dzuwa lamphamvu lotero kuno kwathu timaliwerengera maola pafupifupi 5 patsiku. Mukachotsa zotayika potchaja, moto wosungidwa umakwana kuyatsa mawati awiri okha usiku wonse. Choncho nyale ya 200W ija, ikamayaka kuyambira madzulo mpaka m'mawa, ndi ya mawati awiri kapena atatu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Apa ndi pamene kadiso kaja kamaonetsa ntchito yake. Kamamva kutentha kwa thupi limene likuyenda, la munthu kapena la chiweto, pamtunda wa mamita angapo. Pakakhala palibe woyenda, nyale imangoti phethephethe pang'ono kapena kuzimiratu. Wina akayandikira imati ngwee kwa masekondi 20 kapena 30, kenako n'kubwerera. Moto wochepa uja, m'malo mothera kuunikira bwalo lopanda munthu, umasungidwa kufikira nthawi imene ukufunikadi. N'chifukwa chake nyale yaing'ono ya kadiso imafika 4 koloko m'mawa ikadali ndi mphamvu, pamene inzake yaikulu yoyaka mosalekeza imakhala itafa pakati pa usiku, nthawi imene akuba mbuzi amayamba ntchito. Nzeru zonse za nyale imeneyi zagona pa kusinira moto, monga mayi amasinira ufa mu Febuluwale. Mukamagulitsa, fotokozani zimenezi. Kasitomala wa kumudzi amamvetsa kusinira kuposa wina aliyense.

Ndiye mukamaoda, siyani kuyang'ana nambala yaikulu ya pakatoni. Yang'anani zinthu ziwiri: kukula kwa panelo ndi batire. Pa nyale ziwiri za mtengo wofanana, tengani ya panelo yaikulu, ngakhale italembedwa 50W pamene inzake yalembedwa 300W. Za batire, pemphani wopikulitsa akutsegulireni imodzi. Akakana, dziwani kuti pali chimene akubisa. Zambiri mwa nyalezi zimakhala ndi mabatire ozungulira otchedwa 18650, otalika ngati chala chachikulu. Lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45, ndipo ngakhale la fakitale yapamwamba silipitirira kwenikweni 3,500mAh. Mukaona lolembedwa 8,800 kapena 9,900mAh, limenelo ndi bodza losindikiza. Lopepuka ngati bango ndiye kuti mkati mulibe kanthu. Amene muli ndi kasikelo ka digito koyezera zinthu zing'onozing'ono, kanyamuleni popita ku Limbe. Palinso mabatire a mtundu wa LiFePO4, olembedwa 3.2V. Amenewa amapirira kutentha ndipo amakhalitsa kuposa aja a 3.7V, kwa ife a ku Machinga ndi ku Balaka, kumene Okutobala amawotcha malata mpaka kulira, kusiyana kumeneko si kwamasewera.

Pakatoni pamakhalanso zilembo IP zotsatana ndi manambala awiri. IP65 ikutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo madzi othira mwamphamvu salowa. IP44 imangopirira madzi owaza. Koma kusindikiza IP65 n'kosavuta ngati kusindikiza 300W. Tembenuzani nyaleyo, onani ngati pali mphira pamene magawo awiri akumana, ndiponso pamene waya walowera. Ngati mukuona mpata woti nyerere ingalowe, mvula ya Januwale ilowanso.

Pali katundu wina woyesedwa ndi bungwe la kunja lotchedwa VeraSol, limene kale ntchito yake inkadziwika ndi dzina loti Lighting Global. Malamulo ake amati zolembedwa pakatoni zikhale zoona, ndipo nyale zing'onozing'ono zikhale ndi chitsimikizo cha chaka chimodzi, pamene zida zazikulu za m'nyumba zikhale ndi cha zaka ziwiri. Katundu wotere amakwererapo mtengo, ndipo ambiri mwa iye ndi nyale za m'nyumba ndi zowerengera. Nyale za panja zimene zadzaza pamsika zambiri sizinadutse kumeneko, n'chifukwa chake maso anu ndi sikelo yanu ndiwo ayenera kugwira ntchito ya bungwe.

Nyale yabwino ingathe kufa ndi kaikidwe koipa, ndipo mlandu umagwera wogulitsa. Zodandaula zambiri za sabata yoyamba sizikhala za nyale yoonongeka. Wina sanadine kabatani kobisika kumbuyo, ndiye nyale yakhala padzuwa masiku atatu ili chizimire. Wina akuiyesa masana n'kumadabwa kuti siyaka, osadziwa kuti imayaka pokhapokha panelo ikaona mdima. Muonetseni pabenchi pomwepo: phimbani panelo ndi chikhatho kapena chipewa, nyale iyake iye akuona. Wina waikhoma pansi pa khonde, pamene dzuwa limafika ola limodzi lokha. Kwa amene akufuna kuwala pakhonde, mugulitseni nyale ya panelo yapadera yokhala ndi waya wautali, panelo ikwere padenga, nyale ndi batire zikhale pamthunzi. Zimenezi zimatetezanso batire ku kutentha.

Panelo iyang'ane kumpoto. Dziko lathu lili kummwera kwa ikweta, choncho miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene lili lofooka ndipo mitambo ya mwera imaliphimba. Kwa Ngokwe simusowa kampasi: kumene anthu amayang'ana poswali kumzikiti ndi kumpoto kopendekera pang'ono kummawa, ndipo kumeneko n'kokwanira. Ipendekeke pang'ono, isagone chagada, kuti mvula izitsuka fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi ndi phulusa la moto wa tchire zimakuta panelo, nyale n'kuyamba kuzima msanga. Kansalu konyowa kamodzi pa sabata kamathetsa vuto limene ena amataya nalo nyale yamoyo.

Kadiso kali ndi khalidwe lake. Ikani nyale pamwamba, mamita awiri ndi theka kapena atatu, kadiso kakuyang'ana chapansi pamene mukufuna kutetezapo. Kakayang'ana kunjira yodutsa anthu ndi njinga, kadzakhala kakuyatsa nyale usiku wonse ndipo batire lidzatha usiku usanagawike. Kakayang'ana mkati mwa khola, mbuzi iliyonse yotembenuka idzayatsa nyale. Pakhola, nyale iyang'ane kunja, kumene wakuba kapena fisi angadzere. Komanso kadiso kamaona bwino munthu wodutsa chopingasa kuposa wobwera molunjika, choncho pachipata ikani nyale chapambali.

Za ziwetozi si nkhambakamwa. Ku Kenya, mnyamata wina wa mtundu wa Amaasai dzina lake Richard Turere, akuweta ng'ombe za bambo ake kufupi ndi nkhalango ya Nairobi National Park, anaona kuti mikango imaopa kuwala koyendayenda koma sisamala za kuwala kongokhala malo amodzi. Analumikiza timababu tothwanima mosinthana kuzungulira khola, pogwiritsa ntchito batire lakale la galimoto ndi panelo ya sola, mikango n'kuleka kubwera. Nzeru yake inatchuka ndi dzina loti Lion Lights, ndipo mu 2013 anakaifotokoza pamsonkhano wa TED ku America. Phunziro la malonda pamenepa ndi loti kuwala kodzidzimutsa kumaopseza kuposa kuwala kozolowereka. Musalonjeze kasitomala kuti nyale imagwira wakuba. Imangomudzidzimutsa n'kudzutsa galu ndi mwini nyumba. Koma kwa munthu amene mbuzi zake zitatu ndiye banki yake, zimenezo n'zokwanira kuti atulutse ndalama.

Kudimba nkhani imavuta pang'ono. Dimba lili kutali ndi nyumba, ndipo nyale yosiyidwa yokha kumeneko imakhala katundu woyamba kubedwa, tomato asanakhudzidwe. Ndi yoyenera kwa amene amagona kumsasa kulondera mpunga wopunthidwa kapena matumba odikira galimoto, ndipo ikhale yochotseka, yobwera nayo kunyumba m'mawa. Ngakhale pakhomo, misomali iwiri siyokwanira. Gwirizanani ndi wowotcherera zitsulo wa pamsika akupangireni timafelemu tokhala ndi malo a loko kapena mabawuti. Inu mugulitsa nyale, iye agulitsa felemu, ndipo kasitomala sabwera kudzalira kuti yapita usiku woyamba.

Kumbukiraninso kuti kuwala kumaitana tizilombo, makamaka kuwala koyera kwa mbuu. Nyale yokhomedwa pamwamba penipeni pa chitseko imalowetsa tizilombo m'nyumba, ndipo yoikidwa pamwamba pa thandala la nsomba kapena pa chiwaya cha tchipisi imagwetsera tizilombo pa malonda. Isunthireni pambali mamita awiri, iunikire chopingasa. Nyengo ya ngumbi yokha ndi imene ana angakuthokozeni mukaiika pafupi ndi beseni la madzi.

Kuika nyale kumeneku ndi malonda paokha, ndipo ndi pamene wageni wa pamudzi amaposa shopu ya ku Limbe. Wa ku Limbe sadziwa kuti khola la a Che Uje lili kuseri kwa mtengo wa mango. Inu mukudziwa. Ikani mitengo iwiri: wa nyale yokha, ndi wa nyale yoikidwa. Mnyamata wa njinga, makwerero ndi sikuludiraiva akhoza kuika nyale zingapo tsiku limodzi, ndipo nyale iliyonse yoyaka bwino pakhomo la munthu ndi chikwangwani chimene mudzi wonse umachiwerenga usiku.

Pa zipangizo zopanda waya, muyeso ndi womwewo: chimafuna bandulo kapena ayi? Bluetooth safuna bandulo kapena netiweki, amangolumikiza foni ndi chipangizo pamtunda wa mamita pafupifupi 10. N'chifukwa chake sipika ya Bluetooth yokhala ndi wailesi, polowetsa memori khadi ndi tochi imayenda malonda kumudzi. Ogulitsa kaunjika ndi mankhwala a makoswe amajambuliramo mawu oitanira makasitomala, pakhosi n'kupuma. Zazikulu zokhala ndi maikolofoni zimabwerekedwa pa zinkhoswe, pa maukwati ndi pa zinamwali. Koma timahedifoni tiwiri tolowetsa m'khutu ndimatiopa. Mabatire ake ndi aang'ono ngati njere ya nandolo, kamodzi kamafa kapena kutayika kanzake kakadali bwino, ndipo wogula amakhala wachinyamata wodziwa kukangana. Ngati mukutenga, tengani tochepa, ndipo aliyense atiyese pabenchi asanalipire. Mahedifoni a Bluetooth okoleka m'khosi amakhalitsa moto ndipo satayika chisawawa, akabaza amawakonda.

Timbale totchajira foni popanda waya tisiyeni komweko. Mafoni otchipa a Itel ndi Tecno amene ali m'matumba mwa anthu ambiri kuno satchajika mwa njira imeneyo, ndipo ngakhale foni yovomera, njirayi imataya moto wambiri kuposa waya. Waya weniweniyo ndiye katundu woyenda. Mafoni atsopano ambiri akubwera ndi kamwa ya Type-C, ndipo maiko a European Union anailamula kuyambira Disembala 2024, choncho mafakitale akulowera komweko. Mawaya akale a micro-USB adzagulidwabe kumudzi kwa nthawi ndithu, koma musawaunjike ngati kale.

Mawu amodzi kwa amene mumagulitsa tizida ta m'nyumba ta mababu atatu ndi potchajira foni. Batire la foni yamakono, la 5,000mAh, limameza moto wokwana kuyatsa babu la mawati atatu kwa maola 6. Kafoni ka mabatani kamadya gawo limodzi mwa magawo asanu a moto umenewo. Banja likatchaja mafoni awiri akuluakulu madzulo, nyumba imagona mumdima, ndipo m'mawa mwake amati mwawagulitsa chinthu chakufa. Auzeni azitchaja mafoni masana dzuwa likadalipo.

Kamera ya sola yoikamo simu khadi ili ndi kasitomala mmodzi amene ndimamulemekeza: mbale wathu wa ku Joni. Ku Machinga kuno mabanja ambiri ali ndi mwana kapena bambo ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, amene akutumiza ndalama zomangira nyumba ndipo amafuna kuona ndi maso ake ngati matumba a simenti alipodi. Iyeyo bandulo angaikwanitse. Koma musanalandire ndalama yake, pitani pamalopo ndi foni, muone ngati intaneti ya Airtel kapena TNM ikukoka bwino, chifukwa kufupi ndi malire netiweki imasinthasintha ndipo nthawi zina foni imathawira ku ya ku Mozambique. Kamera yosatumiza zithunzi idzakudanitsani ndi munthu amene akanakutumizirani makasitomala ena khumi. Dziwaninso kuti kamera yoloza pakhomo pamene pakukhala mkazi wa munthu ndi apongozi imabala milandu ina yosakhudza simenti. Imeneyo akambirane okha pabanja musanakwere makwerero.

Ena mudzati, nanga makampani a sola yolipira pang'onopang'ono, monga Yellow, Zuwa Energy ndi Sun King, satilanda msika? Pa zida zazikulu za m'nyumba, zokhala ndi wailesi kapena kanema, simungapikisane nawo. Ali ndi maejenti m'midzi, amalandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, amapereka chitsimikizo, ndipo ena mwa makampani otere athandizidwa ndi thumba la Ngwee Ngwee Ngwee limene boma linakhazikitsa ndi ndalama za World Bank. Koma zida zawo zambiri zimaunikira m'nyumba. Khola, bafa, chimbudzi, nkhokwe, chipata ndi benchi ya pamsika zatsala mumdima. Banja limene lazolowera kuwala pabalaza ndi limene limayamba kudana ndi mdima wa panjira ya kuchimbudzi. Makampaniwa akukulimirani munda; inu dzalani m'mphepete. Chimodzi chokha: musalumikize nyale zanu ku zida zawo kapena kutsegula mabokosi awo, chifukwa mudzaonongetsa chitsimikizo cha kasitomala ndipo mlandu udzakhala wanu.

Tibwere ku mitengo. Katundu yense ameneyu amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, kaya wadzera ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena padoko la Nacala. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa pa mtengo wakale anasangalala ndi makasitomala sabata imodzi, kenako anapeza kuti ndalama ya makatoni awiri ikugula imodzi ndi theka. Mtengo wogulitsira uziwerengedwa kuchokera pa mtengo umene mukaodere mawa, osati umene munaodera mwezi watha. Imbani foni kwa wopikulitsa musanatsegule benchi tsiku la msika.

Ndipo muziwerengera zakufa. Tiyerekeze, manambalawa ndi achitsanzo chabe, kuti mwaoda nyale 20 pa K10,000 iliyonse, zonse K200,000, ndipo ulendo wadya K20,000. Mukugulitsa pa K14,000, mumtima mukuwerenga phindu la K60,000. Nyale zinayi zikapezeka zakufa ndipo wopikulitsa wakana kuzilandira, zotsala 16 zibweretsa K224,000. Phindu lanu ndi K4,000, la ulendo wonse wa ku Limbe ndi masiku onse okhala padzuwa. Choncho kukambirana kofunika kwambiri ndi wopikulitsa si kwa kuchotsera K500 pa nyale, koma kwa zobweza: alandira zakufa mpaka masiku angati, ndipo alembe zimenezo palisiti. Mukafika kunyumba, yalani katoni yonse padzuwa masiku awiri, usiku muone imene yazima msanga. Imeneyo isafike pabenchi.

Kwa kasitomala wanu, chikwangwani chija choti katundu wogulidwa sabwezedwa chichotseni. Bungwe la CFTC lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu otere ndi osemphana ndi malamulo oteteza ogula. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, pamsika ngati wa kwa Ngokwe, pamene wogula ndi wogulitsa amakumana kumaliro, kumzikiti, kutchalitchi ndi kuchigayo, mbiri ya nyale yofa imayenda msanga kuposa njinga yamoto. Perekani masiku 14 kapena mwezi, malinga ndi zimene wopikulitsa wakupatsani inu. Lembani tsiku ndi chizindikiro chanu kumbuyo kwa nyale ndi cholembera chosafufutika, kuti wina asakubweretsereni yakufa yogula kwina.

Nthawi yooda itsate thumba la mlimi. Ndalama kuno imabwera ndi mpunga kuyambira Meyi, n'kubweranso ndi nandolo chakumapeto kwa chilimwe, ndipo nthawi yomweyo ndi imene matumba amagona pakhonde, mwini wake n'kumagona diso limodzi. Nyale za kadiso zifike pabenchi zokolola zisanayambe kugulitsidwa. Masipika akhalepo pofika Ogasiti, nyengo ya zinamwali ndi maukwati. Timanyale towerengera timayenda mayeso a Maneb akayandikira. Mwezi wa Ramadan, umene chaka chilichonse umafulumira ndi masiku pafupifupi 11, amayi amaphika daku kukadali mdima ndipo malonda a madzulo amachuluka, choncho nyale ya kukhitchini ndi ya pabenchi zimafunidwa. Januwale ndi Febuluwale musaode zambiri: ndalama kulibe, mitambo yachuluka, ndipo nyale yokhalitsa m'katoni osatchajidwa batire lake limafooka. Zotsala muzizitulutsa padzuwa kamodzi pamwezi, ndipo musazisunge pansi penipeni pa malata otentha kapena pafupi ndi mbaula, makamaka m'nyumba ya udzu, chifukwa batire la lithium lotupa limatha kuyaka.

Nyale zambiri zimene anthu amati zafa pakatha chaka kapena ziwiri zimakhala kuti chafa ndi batire lokha. Panelo, timababu ndi kadiso zikadali bwino. Wokonza mafoni wa pamsika wanu, amene ali kale ndi chowotcherera mawaya, angathe kusintha batire la 18650 m'mphindi zochepa, bola aike la mtundu ndi mavoti ofanana ndi lakale. Muziodako mabatire enieni angapo n'kumagulitsa kwa iye, kapena mugwirizane kuti nyale zobwerera azikonza inu n'kugulitsa motsitsa ngati zokonzedwa. Mabatire akufawo asaponyedwe pamoto kapena m'nyanja. Asonkhanitseni m'chitini chouma chokhala ndi mchenga, kumapeto kwake mutakulunga tepi, mudzawapereke kwa ogula zitsulo zakale amene amalandira mabatire paulendo wanu wotsatira wa ku Limbe.